Akatundu Atatu a Mzinda wa Birmingham

Pa 5 Sepitembala 2023 khonsolo ya mzinda wa Birmingham, m'dziko la England, inalengeza kuti ndalama zake zaperewera, ndi kuti sidzayambanso ntchito yatsopano koma zokhazo zimene lamulo liikakamiza. Mbiri imeneyi inadabwitsa ambiri, pakuti Birmingham si mudzi wosauka ai. Anthu ake apitirira miliyoni imodzi, ndipo m'chaka cha 2022 mzindawo unachereza magulu 72 pa masewera a Commonwealth, kumene atsikana a ku Malawi a mpira wa manja anakasewera nawo. Nanga nkhokwe yotere inatha bwanji?

Munthu wofufuza nkhaniyi mofatsa apeza kuti khonsolo inasenza akatundu atatu olemera pa nthawi imodzi, osayamba yawerenga ndalama zake ndi manja a antchito ake.

Katundu woyamba anali ngongole yakale. Kwa zaka zambiri akazi ophika m'masukulu, osesa ndi osamala okalamba analandira malipiro ochepa poyerekeza ndi amuna a ntchito za muyeso womwewo, monga otola zinyalala, amene anali kupatsidwa ndalama zapadera. Mu 2012 bwalo lalikulu la milandu linalola antchito akale 174 kupitiriza dandaulo lawo, ndipo madandaulo ena anachuluka. Mu 2015 khonsolo inagulitsa nyumba zake za zionetsero, zotchedwa NEC, pa mtengo wa mapaundi 307 miliyoni. Pofika 2023 inali italipira mapaundi oposa biliyoni imodzi, komabe mu Juni chaka chimenecho inaulula kuti ngongole yotsala ingafike mapaundi 760 miliyoni. Bala lodziwika kwa zaka khumi liyenera kukhala loyamba pa mndandanda wa ntchito, koma ili linasiyidwa linyeka.

Katundu wachiwiri anali masewera aja. Poyamba anaperekedwa kwa mzinda wa Durban ku South Africa, koma mu Malichi 2017 unalandidwa mwayiwo utalephera kukwaniritsa zofunika, makamaka za ndalama. Mu Disembala chaka chomwecho Birmingham anavomera kuwatenga, nakhala ndi zaka zinayi ndi theka zokha za kukonzekera. Mtengo wake unaikidwa pa mapaundi 778 miliyoni, ndipo 184 miliyoni mwa amenewa anayenera kuchokera kwa khonsolo ndi anzake a m'deralo. Kunena zoona, masewerawo anayenda bwino ndithu, ndipo bwalo la Alexander Stadium linamangidwanso mokongola. Koma nyumba zimene zinali kumangidwa ku Perry Barr kuti osewera agonemo sizikanatha pa nthawi yake, kotero mu Ogasiti 2020 ganizolo linatayidwa, ndipo ambiri a iwo anagona m'nyumba za mayunivesite. Choposa ndalama ndi ichi: maso a akuluakulu a khonsolo anali pa phwando zaka zonsezo, pamene ngongole ija inali kukula.

Katundu wachitatu anali makina a kompyuta osungira mabuku a ndalama ndi malipiro, otchedwa Oracle. Anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2022, patangotsala miyezi itatu kuti masewera atsegulidwe. Mtengo woyamba unali mapaundi 19 miliyoni. Pofika 2023 anthu anali kunena za 100 miliyoni kuti akonzedwe. M'malo mosintha kagwiridwe kake ka ntchito kuti kagwirizane ndi makinawo, khonsolo inasintha makinawo kuti atsate njira zake zakale, ndipo anasokonezeka. Alembi anabwerera ku ntchito yoyerekeza ndalama pamanja, ndipo kwa miyezi yambiri khonsolo sinathe kudziwa bwino chimene chinali m'thumba mwake. Akale anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono oiteteza khonsolo ali ndi mau awo, ndipo nkoyenera kuwamvera. Iwo ati kuyambira 2010 boma la ku London linachepetsa kwambiri ndalama zimene lipatsa makhonsolo, pamene okalamba ndi ana ofuna chisamaliro anali kuchuluka. Ati antchito zikwi zambiri anachotsedwa m'zaka zimenezo. Akumbutsanso kuti makhonsolo ena anagwa chimodzimodzi, monga Northamptonshire mu 2018 ndi Croydon mu 2020, ndi kuti akatswiri ena ayesa chiwerengero cha 760 miliyoni chinali chokuza. Zonsezi nzomveka, koma sizichotsa mlandu, ziukulitsa. Mwini munda amene ana ake apita ku ulendo, natsala ndi makasu awiri, sayamba kuswa mphanje. Khonsolo inadziwa kuti ndalama zachepa ndi kuti alembi odziwa ntchito atsala pang'ono, ndipo chifukwa cha chimenecho inayenera kusankha katundu mmodzi, kumtula, ndi kubwerera wina pambuyo.

Amene analipira kulakwaku si amene anakupangana. Mu Okutobala 2023 boma linatumiza nthumwi zake kudzayang'anira khonsolo. Mu Malichi 2024 makhansala anavomereza kudula mapaundi 300 miliyoni pa zaka ziwiri, nakweza msonkho wa nyumba ndi 9.99 pa 100 aliyense. Anapangana kuchepetsa kuwala kwa nyale za m'misewu ndi thandizo la magulu a zaluso. Mu Malichi 2025 otola zinyalala ananyanyala ntchito, ndipo pakutha pa mweziwo matani 17,000 a zinyalala anali ataunjikana m'misewu ya mzinda umene unachereza alendo a maiko ambiri zaka zitatu zisanathe.

Motero chikalata cha zolinga za khonsolo chisayesedwe ndi kutalika kwake. Woweruza wanzeru ayang'ane zinthu zitatu pa ntchito iliyonse yolembedwamo: ndalama yake ichokera kuti, aigwire ndani, ndipo munthuyo asiya ntchito iti kuti agwire imeneyi. Funso lachitatu ndilo liiwalika kawirikawiri, pakuti mlembi mmodzi sangathe kuwerenga ngongole, kukonza phwando ndi kuphunzira makina atsopano tsiku limodzi. Khansala wokana ntchito yokoma chifukwa manja achepa saomberedwa m'manja pa msonkhano, koma anthu a m'dera lake apeza msewu wosesedwa ndi nyale yoyaka.