Woman's Hour: pologalamu ya amayi, koma amayi ake ati?

Pa 7 Okutobala 1946, wailesi ya BBC ku Britain idayambitsa pologalamu ya amayi yotchedwa Woman's Hour. Adaiika 2 koloko masana poganiza kuti nthawi imeneyo mayi amakhala atatsuka mbale za nkhomaliro, ana asanaweruke kusukulu. Woulutsa woyamba adali mwamuna, Alan Ivimey, ndipo patangopita miyezi yochepa adamuchotsa n'kuikapo mayi. Nthawiyo ndi mawu a mwamunawo zikusonyeza kuti eni wailesi adali atasankhiratu womvera wawo: mayi wokwatiwa, wokhala pakhomo, wodikira malangizo. Mnzake wogwira ntchito m'fakitale nthawi imeneyo adali ali pamakina.

Pologalamuyi idakalipo. Idasamukira pa Radio 4 mu 1973, ndipo masiku ano imamveka 10 koloko m'mawa. Zoiyamikira zilipo. Idabweretsa poyera nkhani zimene anthu ankangonong'onezana, monga kusiya kusamba, nkhanza za m'banja ndi kusiyana kwa malipiro pakati pa amuna ndi akazi. Jenni Murray, amene adaiulutsa kuyambira 1987 mpaka 2020, adauza omvera mu 2006 kuti amupeza ndi khansa ya m'mawere. Mayi wodwala matendawa adamva kuti ngakhale woulutsa mawu ndi mnzake.

Komabe dandaulo limodzi silinathe: amayi ena akatsegula wailesi sadzimvamo. Amati alendo ambiri ndi ophunzira kwambiri, olemba mabuku, andale ndi mabwana a m'makampani. Mu 2013 pologalamuyi idatulutsa mndandanda wa amayi 100 amphamvu ku Britain. Woyamba adali Mfumukazi Elizabeth II, wachiwiri Theresa May. Mayina amenewa sadali olakwika, vuto lidali muyeso wake. Ngati mphamvu ndi mpando ndi chuma basi, namwino wa usiku ndi mayi wolera yekha ana sadzapezeka pamndandanda, ngakhale dziko limayenda chifukwa cha iwo.

Nkhani ya kukondera idafika pachimake mu Febuluwale 2021. Emma Barnett adacheza ndi Zara Mohammed, mayi wa zaka 29 amene adali atangosankhidwa kukhala mkazi woyamba kutsogolera bungwe la Muslim Council of Britain. Barnett adamufunsa mobwerezabwereza kuti ku Britain kuli maimamu aakazi angati. Anthu odziwika oposa 100 adasaina kalata yodzudzula machezawo kuti adali aukali. Ena adaikira kumbuyo Barnett ponena kuti mtsogoleri ayenera kuyankha mafunso olimba.

Funsolo palokha lidali loyenera. Pologalamu ya amayi imene imaopa kufunsa za udindo wa amayi m'chipembedzo yataya ntchito yake. Chidalakwika ndi kulikakamira mpaka mlendo adasanduka woimbidwa mlandu m'malo mwa chipembedzo chonse, pamene nkhani ya kusankhidwa kwakeko idatsalira m'mbuyo. Omvera achisilamu adali ndi chifukwa chodzifunsa ngati alendo onse amalandiridwa motero, kapena zimakomera mbuzi kugunda galu. Nthawi zambiri kukondera pa wailesi sikukhala bodza. Kumabisala posankha mlendo, posankha funso, ndi pa mphindi zimene munthu wapatsidwa kuti amalize mawu ake.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife aphunzitsi. Amayi odandaulawo amamva Chingerezi bwinobwino, ndipo ambiri ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho. Chilankhulo sichidawatsekere kunja, chidawatsekera ndi moyo umene ukukambidwa. Kuno ku Mozambique, ntchito yoyesera ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, idaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, komanso m'Chishangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Idatsegula njira yoti mwana ayambe sukulu m'chilankhulo chimene amachimva. Imeneyo ndi mbali yoyamba chabe. Mwana akhoza kumva liwu lililonse la phunziro koma osadziona m'menemo.

Choncho tiunike maphunziro athu monga taunikira pologalamuyi. M'nkhani zimene timawerengetsa, mtsikana amachita chiyani kupatula kutunga madzi ndi kusesa? Mwana akatchula chinthu monga amachitchulira kwawo ku Angónia kapena kunyanja ku Niassa, timalandira liwu lake kapena timalikonza kuti lifanane ndi la m'buku? Tikafunsa funso, timadikira ndani kuti aganize, ndipo timadula ndani? Sabata ino pemphani mphunzitsi mnzanu akhale kumbuyo kwa kalasi pa phunziro limodzi, alembe ana amene mwawaloza, anyamata angati, atsikana angati, ndi chilankhulo chimene aliyense wayankhira. Kenaka musinthane.