KULINGANA SI KUFANANA: NDEMANGA PA TSINDE LA -LING-

Omasulira ambiri masiku ano akafuna kunena kuti mbali ziŵiri sizikuposana amathamangira liwu loti kufanana. Chichokereni lamulo la 2013 lothetsa kusiyanitsa amuna ndi akazi, pa wailesi ndi m'zikalata tazoloŵera kumva za "kufanana pakati pa amuna ndi akazi." M'ndemanga ino tikuti liwuli lasankhidwa mosalingalira bwino, pamene Chicheŵa chili nalo kale liwu loyenera, ndilo kulingana.

Liwuli ndi lakale koposa Chicheŵa chenichenicho. Malcolm Guthrie, m'mabuku ake a Comparative Bantu (1967–1971), adasonyeza kuti makolo a ziyankhulo za Chibantu adali ndi tsinde la *-ding-, lotanthauza kuyesa. Tsindeli likalandira msintho wa -an-, wosonyeza kuchitirana, limabala kulingana, liwu lopezekanso m'Chiswahili ndi m'Chizulu. Tsono zinthu zolingana ndi zimene zayesedwa, chimodzi pa chinzake, ndipo palibe chimene chapambana. Mlingo, kulinganiza ndi kulingalira ndi ana a mimba yomweyo: wolingalira amayesa maganizo monga wamalonda ayesa ufa.

Umboni wamoyo uli m'misika ya m'Lilongwe. Mayi wogulitsa tomato ku Kawale kapena ku Chinsapo amalinganiza milu yake: uwu uli ndi tomato anayi akuluakulu, uwo asanu ndi mmodzi ang'onoang'ono. Miluyo siifanana, koma wogula aliyense amavomereza kuti yalingana. Chimodzimodzinso kilogalamu ya mtedza pa sikelo ya ku Mgona imalingana ndi kilogalamu ya mchere popanda kufanana nayo m'pang'ono pomwe. Kufanana ndi nkhani ya maso. Kulingana ndi nkhani ya muyeso.

Apa ndi pogona vuto. Bambo wa ku Biwi akauzidwa kuti iye ndi mkazi wake ndi ofanana, amakana, ndipo malinga ndi chiyankhulo chake sadalakwe. Lamulo silinena za maonekedwe kapena chibadwa, koma za kulemera kwa munthu pamaso pa boma ndi bwalo lamilandu. Mkangano wina umene timauyesa wa chikhalidwe udabadwa ndi kumasulira kolakwika.

Ena adzati liwuli lidasukuluka, popeza achinyamata amalimva makamaka m'mawu oti "molingana ndi." N'zoona, koma tanthauzo lakale likadali m'kamwa mwa ogulitsa. Ntchito ya Centre for Language Studies, imene mu 1996 idaloŵa m'malo mwa Chichewa Board, ndi ya olemba mabuku a sukulu, si kupeka liwu latsopano ayi, koma kulitola pamsika n'kulibwezera m'malamulo.