Za Dzina la Chauta m'Buku Loyera

Tamva ena a mu Mpingo alikudandaula kuti Buku Loyera, lotuluka m'chaka cha 1998, lidaika dzina loti Chauta pamene Buku Lopatulika la 1922 lidalemba Yehova. Akuti dzinali n'la ku Msinja, kumene makolo ankapempha mvula kudzera mwa Makewana, chotero siliyenera kumveka pa guwa.

Dandauloli sitilipeputsa, pakuti ambiri a ife tidaphunzira kupemphera ndi Buku Lopatulika. Koma tifunse: kodi dzina loti Mulungu lidadza ndi amishoni? Iai, adalipeza m'kamwa mwa makolo omwewo, nalilandira. Nanga loti Chauta lalakwanji? Akulu amati lichokera ku uta wa Leza, ndipo uta womwewo ndiwo chizindikiro cha pangano la Mulungu ndi Nowa.

Chimene ife tiopa n'china: kuti Mchewa angadzikuze, nati Chauta ndi wa mtundu wake wokha, namuyesa mlendo Mtumbuka wotchula Chiuta. Pamenepo dzina lokoma lidzasanduka mpanda wolekanitsa ana a Atate mmodzi. Tsono tiwerenge mabuku onse awiri, ndipo tisakane mbale chifukwa cha chinenero chake.