Mpweya Wotsekeredwa M'mafuta

Ozoni ndi mpweya wosakhazikika. Mukausungunula m'madzi, ola lisanathe wochuluka umakhala utabwerera kale kukhala okosijeni wamba. Christian Schönbein, amene anaupatsa dzina ku Basel mu 1840, anauzindikira ndi mphuno: ndi fungo lija limatsalira mphezi ikang'amba pafupi. Nanga chinthu chothawa chotere mungachinyamule bwanji mpaka ku kampu ya asilikali, n'kukachipaka pankhama za mnyamata amene akulavula magazi akamatsuka mkamwa?

Apa m'pamene ndimagoma nawo opanga mafuta a ozoni. Amayamba ndi okosijeni weniweni wa m'silinda, chifukwa mpweya wamba uli ndi naitirojeni wambiri amene angabereke zinthu zoononga mafutawo. Okosijeniyo amadutsa m'makina a magetsi amphamvu, ngati kamphezi koweta, ndipo wina amasanduka ozoni. Kenako amalowetsa mpweyawo pansi pa mafuta a olivi kapena a mpendadzuwa kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, kuti ukwere ngati thovu losalala. Thovu likakula, mpweya umangodutsa osagwira ntchito. Likachepa, umakumana ndi mafuta paliponse n'kumatirira m'malo amene maatomu a kaboni agwirana kawiri.

Kenako n'kudikira, maola ngakhale masiku. Mafuta amatentha okha pamene akumwa mpweyawo, choncho mmisiri amawaziziritsa mosalekeza. Diso lake lili pa mtundu: kubiriwira kwa olivi kumafwifwa pang'onopang'ono, mafuta amalemera, ndipo akapitiriza amaundana ngati mafuta odzola. Akafulumira kuzimitsa, watulutsa mafuta ophikira onunkha. Akachedwetsa, mafutawo angapweteke nyama yofewa ya mkamwa. N'chifukwa chake wodziwa ntchito sadalira maso okha, amayezanso kuchuluka kwa peroxide m'botolo lililonse. Zonsezi amachita akudziteteza, pakuti ozoni amene akufuna aphe tizilombo ndi yemweyo amawononga mapapo a womupuma. Ku Cuba akatswiri a ku Havana anapanga mafuta otere, otchedwa Oleozon, kuchokera ku mpendadzuwa. Mpweya wosatha ola m'madzi umakhala miyezi yambiri m'botolo losungidwa mufiriji.

Asilikali akubweramo chifukwa nkhama zawo zili ndi mbiri. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, zilonda zonunkha za m'nkhama zinafala m'maenje omenyera nkhondo mpaka matendawo anatchedwa trench mouth. Zoyambitsa zake sizinasinthe: tulo tochepa, nkhawa, fodya, ndi mswachi woiwalika. Wophunzira usilikali amene wadzutsidwa mbandakucha amakumbukira nsapato asanakumbukire mano, ndipo chiseyeye sichichedwa.

Mankhwala ochukuchira mkamwa a chlorhexidine amagwira bwino, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amadetsa mano ndi kusokoneza kakomedwe ka chakudya. Mafuta ali ndi khalidwe lina: madzi mumalavula, pomwe mafuta amakakamira m'mphepete mwa dzino. Sachotsa litsiro louma lomwe lamera pamenepo. Limenelo ndi la dokotala wa mano ndi zitsulo zake. Iyeyo akamaliza, amalowetsa kachitsulo koyezera pakati pa dzino ndi nkhama, mopepuka kwambiri, malo 6 pa dzino lililonse. Nkhama yabwino siloleza kupitirira mamilimita 3, ndipo kachitsuloko kamatuluka kopanda magazi.