Mlandu Ugwera Yani? Kugwirira m'Maseŵero a pa Wailesi Yakanema

M'nkhani ino tifuna kuona m'mene maseŵero ena a pa wailesi yakanema amaonetsera munthu amene wagwiriridwa. Masiku ano nkovuta kupeza mlembi wonena poyera kuti "adaziputa yekha". Mau otere amaŵaika m'kamwa mwa mtengambali woipa kuti oonera amunyoze. Komabe ganizo lathu ndi lakuti mlandu umabwererabe kwa wolakwiridwa mwakachetechete, kudzera m'dzina limene mchitidwewo wapatsidwa ndiponso m'kasanjidwe ka nkhani.

Tiyambe ndi dzina. M'chaka cha 1979, m'seŵero la ku America lotchedwa General Hospital, Luke Spencer adagwirira Laura m'nyumba yovinira. Oonera adamkonda Luke, ndipo alembi, posafuna kutaya mtengambali wokoka anthu, adayamba kuchitchula chochitikacho ndi mau otanthauza kunyengerera mkazi. Mu Novembala 1981 aŵiriwo adakwatirana pamaso pa anthu pafupifupi 30 miliyoni. Palibe amene adanena kuti Laura ndi wolakwa. Adangosintha mneni, ndipo mneni atasintha, kukana kwake kudasanduka manyazi a mtsikana amene mumtima ankafuna. Seŵeroli lidabwerera ku nkhaniyi mu 1998 ndi kuitchula dzina lake lenileni, patapita zaka pafupifupi makumi aŵiri.

Akatswiri a ziyankhulo sangadabwe nazo. Ngakhale m'Chicheŵa, tikati "mwana uja adamuononga" timaika chilema pa mwanayo, ngati chiŵiya chosweka, pamene woonongayo amatsala wamphumphu. Tikati "adagwiriridwa", mchitantchito amazimirira m'chiganizo. Womasulira maseŵero otere m'ziyankhulo zathu amakumana ndi chisankho chomwe alembi a General Hospital adakumana nacho.

Chitsanzo chofunika kuchifatsira ndi Yizo Yizo, seŵero la ku South Africa limene SABC1 idayamba kuonetsa mu 1999, lotsogozedwa ndi Teboho Mahlatsi ndi Angus Gibson. Nkhani yake imachitikira pa sukulu yopeka ya Supatsela, ndipo mphamvu yake yaikulu ndi chiyankhulo: ana amayankhula monga amayankhulira m'makomboni, kusakaniza Chizulu, Chisuthu, Chingerezi ndi chinenero cha m'misewu. Mtsikana Hazel ali pachibwenzi ndi Sonnyboy, woyendetsa minibasi amene amamsangalatsa ndi zimene anyamata a pasukulu sangakwanitse, ndipo pambuyo pake mwamunayo amamgwirira. Seŵerolo silimuweruza Hazel, ndipo tiyenera kuliyamika poonetsa kuti wogwirira kaŵirikaŵiri ndi munthu wodziŵika, osati chilombo cha m'tchire. Koma taonani kasanjidwe kake: mphatso patsogolo, nkhanza pambuyo. Kasanjidwe kameneka nkofanana ndi ka nthano yochenjeza atsikana, ndipo woonera wozoloŵera nthano zotere amamaliza yekha phunzirolo, kuti wolandira za mwamuna amalipira. Alembi adafuna kuulula umbuli wa Sonnyboy woyesa kuti mphatso zimagula thupi. Sitikhulupirira kuti aliyense woonera adatola zimenezo.

Ulendo wachiŵiri wa seŵeroli, mu 2001, udabweretsa phokoso lofika mpaka ku nyumba ya malamulo, kumene aphungu ena adapempha kuti liletsedwe. Chidautsa mkwiyowo ndi gawo limene Chester, chigaŵenga chozunza ana a sukulu ndi kugwirira, iye mwini akugwiriridwa m'ndende ndi mkaidi mnzake. Cholinga chikuoneka kuti chidali kuvula ulemerero anyamata oipa amene ana ena adayamba kuŵatsanzira. Otsutsa ambiri adadandaula ndi zimene maso adaona. Ife chikutivuta ndi china. Gawoli limaitana woonera kuti anene kuti "wazionano", ndipo potero limavomereza kuti kugwiriridwa kungakhale chilango choyenera munthu wina. Amene wavomera zimenezi pa Chester ali kale pakati pa njira yofunsira chimene Hazel adalakwa. Ganizo lake ndi limodzi: tsoka ili limagwera oliyenera.

Seŵero la Unbelievable, limene Netflix idatulutsa mu 2019 m'magawo asanu ndi atatu, lidatenga njira ina. Lidachokera pa nkhani yoona imene T. Christian Miller ndi Ken Armstrong adalemba mu 2015, ya mtsikana wa zaka 18 wa ku Lynnwood m'chigawo cha Washington, amene adagwiriridwa mu 2008, apolisi osamkhulupirira, nkumuimba mlandu wonena bodza. Gawo loyamba limathera pa mafunso. Marie amafotokoza nkhani yake kwa wapolisi woyamba, kenaka kwa wofufuza, kuchipatala, kupolisi, ndiponso m'kalata, ndipo nthaŵi iliyonse mau amachepa ndi kutopa. Kusiyana pang'ono kwa mafotokozedwe ake ndiko kumasanduka umboni womtsutsa. Ngakhale mai amene adamlera amauza apolisi kuti khalidwe lake silikufanana ndi la munthu wogwiriridwa, ngati kuti pali kaliridwe kovomerezeka. M'gawo lachiŵiri wofufuza Karen Duvall, ku Colorado, amafunsa mtsikana wina mafunso a mtundu womwewo, koma amapempha chilolezo, amalongosola chifukwa cha funso lililonse, ndipo amadikira. Kusiyana kwa magawo aŵiriŵa kuli m'kafunsidwe basi, ndipo nkokwanira. Sitidziŵa seŵero lina loonetsa bwino chotere kuti funso lingathe kunyamula chiweruzo lisanayankhidwe.

Tili nacho chodandaula chimodzi. Marie amayeretsedwa pamene wogwirirayo agwidwa mu 2011 ndipo zithunzi za mtsikanayo zipezeka m'kamera yake. Zidachitikadi chomwecho, kotero sitinganene kuti alembi adapeka. Koma woonera amachoka atakhutira chifukwa umboni wapezeka, ndiponso chifukwa wolakwayo adali mlendo wobisa nkhope, woloŵa m'nyumba usiku. Chikhulupiriro chotere nchosavuta. Hazel alibe chithunzi chomuyeretsa.

Apa ndi pamene Michaela Coel, mu I May Destroy You ya mu 2020, adapitirira anzake. Arabella adathaŵa ntchito yolemba usiku umenewo, adamwa moŵa, adalaŵa mankhwala ozunguza bongo, ndipo wina atamthirira mankhwala m'chakumwa amakumbukira zidutswa zokha. Zonse zimene oweruza a pamphambano amafuna kumva zaikidwa poyera dala, ndipo palibe chimodzi chimene seŵerolo limachilola kukhala chifukwa. Apolisi amatseka kafukufuku osapeza munthu. Mnzake Kwame, mwamuna wogwiriridwa ndi mwamuna, akapita kukadandaula amapeza wapolisi wosoŵa ndi mau omwe omufunsira, nabwerako osathandizidwa. Gawo lomaliza limapereka mathero angapo amene Arabella amaŵayesa m'maganizo, kubwezera kuli pomwepo, ndipo onse amaŵasiya. Amatsiriza buku lake ndi kuliŵerenga pamaso pa anthu, wogwirirayo asanagwidwe.