KUKAKAMIRA NDI KUKAKAMIZA: KUUNIKA MAWU ONENA ZA PULOGALAMU YA PAKOMPYUTA IMENE SIIKUYANKHA

1. Mawu oyamba

Mwa mawu onse okhudza kompyuta amene amamveka mu mzinda wa Lilongwe, palibe amene amanenedwa mtima uli m'mwamba kuposa akuti "yaima". Mawuwa amamveka m'timashopu totayipira ndi kusindikizira makalata ku Old Town, cha ku msewu wa Malangalanga. Amamveka m'maofesi a boma ku Capital Hill ndi m'maofesi ena a ku City Centre. Amamvekanso m'nyumba za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene mwana wa sukulu amachezera kulemba ntchito yake. Nkhani ino ikuunika mawu amene anthu amagwiritsa ntchito pofotokoza vutoli ndi pouzana chochita. Mfundo yake ndi yakuti Chichewa chili ndi mawu ambiri onena za vutoli, koma mawuwo akusokoneza zinthu zimene zili zosiyana, ndipo chisokonezocho chimatayitsa anthu ntchito imene aikhetsera thukuta.

2. Chimene chimachitika m'kompyuta

Liwu silingaweruzidwe popanda kudziwa chinthu chimene likuimira. Munthu akadina batani, kompyuta imatumiza uthenga kwa pulogalamu imene akugwiritsa ntchito, ndipo pulogalamuyo imayenera kulandira uthengawo ndi kuchita zimene yauzidwa. Pa makompyuta a Windows, pulogalamu ikatha masekondi 5 osalandira mauthenga, pamutu pake pamalembedwa mawu a Chingerezi akuti "Not Responding". Mawuwa sakunena kuti pulogalamuyo yawonongeka. Akungonena kuti kwa kanthawi siinayankhe. Nthawi zina imakhala ikudikira makina osindikizira kapena intaneti, nthawi zina yalemedwa ndi fayilo yaikulu, ndipo nthawi zina yalowa m'cholakwika chimene siingathe kutulukamo yokha.

Chofunika kudziwa n'chakuti zimene munthu walemba koma sanazisunge zimakhala m'chigawo cha kompyuta chotchedwa RAM, chimene chimagwira zinthu pokhapokha moto ulipo ndiponso pulogalamu ili yotsegula. Moto ukadulidwa, zonsezo zimafufutika. Pulogalamu ya Microsoft Word imadzisungira zolembedwa mphindi 10 zilizonse ngati mwini wake sanasinthe dongosololo, koma si mapulogalamu onse amene amatero.

Choncho pali mavuto anayi osiyana: pulogalamu yochedwa koma ikugwirabe ntchito, pulogalamu imene yasiyiratu kuyankha, pulogalamu imene yadzitseka yokha mwadzidzidzi, ndi makina amene awonongeka. Lililonse lili ndi mankhwala akeake. Chiyankhulo chimene chikutchula anayi onsewa ndi liwu limodzi chikupatsa wodwala mutu mankhwala a m'mimba.

3. Mwininkhani wobisika

Vuto loyamba silili pa mneni ayi, koma pa mgwirizanitsi. Mayina obwerekera ambiri a zamakono amatenga mgwirizanitsi mmodzimodzi: kompyuta yaima, pulogalamu yaima, fayilo yaima, intaneti yaima, netiweki yaima. M'Chichewa n'kololedwa kusiya mwininkhani ngati womvera akumudziwa kale, ndipo nthawi zambiri mgwirizanitsi amaulula yekha chimene chikunenedwa. Munthu akati "laphwa" kapena "chasweka", womvera amakhala ndi poyambira. Koma pa nkhani ya kompyuta, "ya-" saulula kanthu.

Chitsanzo chodziwika ndi ichi. Mlembi wa mu ofesi ku City Centre akutayipa kalata ya masamba ambiri imene ikufunika isanakwane nthawi yoweruka. Pulogalamu yolembera yasiya kuyankha. Iye akuimba foni kwa mmisiri wa makompyuta amene ali ku Old Town nati, "Achimwene, yaima." Mmisiriyo, amene sakuona galasi la kompyutayo, akuyankha kuti, "Ingoizimitsani, Mayi, muiyatsenso." Onse awiri ayankhula Chichewa cholondola, koma wina amanena pulogalamu pamene mnzake amanena makina onse. Mlembi akadina batani la moto mpaka kompyuta itazima, amataya kalata ija pamodzi ndi china chilichonse chosasungidwa chimene chinali chotsegula, ngakhale chimene chinalibe vuto. Lamulo loyamba la Chichewa cha pakompyuta liyenera kukhala lakuti mwininkhani atchulidwe.

4. Aneni ofotokoza vuto

(a) Kuzizira ndi kuundana. Awa ndi mawu amene amabadwa womasulira akatenga liwu la Chingerezi lakuti "freeze" n'kulisanduliza monga liliri. Eni Chingerezi amafanizira vutoli ndi madzi amene asanduka ayezi. Fanizolo silimveka m'Chichewa. Chozizira ndi nsima yogona kapena munthu wopanda changu, ndipo zoundana ndi mafuta kapena magazi. Komanso kompyuta imene yalemedwa kawirikawiri imakhala ikutentha, kotero kuti kunena kuti "yazizira" n'kuuza mmisiri zosemphana ndi zimene dzanja likumva. Mawu awiriwa ngosayenera.

(b) Kufiriza. Ili ndi liwu lomwelo la Chingerezi litavekedwa chovala cha Chichewa. Kapangidwe kake n'kosadandaulitsa, pakuti maphatikizo ake akutsata dongosolo la chiyankhulo. Chofooka chake n'chakuti munthu wosadziwa Chingerezi akalimva amaganiza za firiji, ndipo liwulo silimuuza ngati adikire kapena achitepo kanthu.

(c) Kuhang'a, kujama ndi kusitaka. Awa ndi mawu a amisiri ndi achinyamata. Kubwereka si tchimo, popeza Chichewa chinalandira kale mawu monga sukulu, buku ndi galimoto. Koma kubwereka kumayenera kukhala pamene chiyankhulo chasowa chake. "Kujama" kuli ndi malo ake oyenera, ndiwo pepala limene lapanikizika m'makina osindikizira, ndipo kukanakhala bwino kukanasiyidwa pamenepo.

(d) Kuima. Liwu ili ndi la Chichewa chenicheni, koma ndi lotambalala kwambiri. Basi imaima pa siteji mwadala, ntchito imaima chifukwa cha maliro, wotchi imaima chifukwa batire latha. Liwuli silinena ngati chinthucho chaima mwakufuna kapena mosafuna, kwa kanthawi kapena kotheratu.

(e) Kufa. M'Chichewa makina amafa: galimoto yafa, chigayo chafa, mjigo wafa. Tanthauzo lake ndi lakuti pafunika mmisiri ndi zipangizo. Kunena kuti kompyuta yafa pamene pulogalamu imodzi yokha ndiyo yasiya kuyankha n'kulengeza maliro a munthu amene wangokomoka. Mawuwa angachititse munthu kunyamula makina abwinobwino kuchoka ku Area 43 mpaka ku Old Town, n'kulipira mayendedwe ndi mmisiri pa vuto limene likanatha ndi mabatani atatu.

(f) Kukakamira. Liwu ili ndilo likukwanira bwino koposa. Lili ndi matanthauzo awiri, ndipo onse akugwirizana ndi vutoli. Chinthu chokakamira ndi chimene chagwidwa pamalo osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo, monga fupa pakhosi kapena kiyi m'loko. Munthu wokakamira ndi amene ali moyo ndithu, akumva, koma sakusuntha pa zimene wagwira. Pulogalamu yokakamira ili chimodzimodzi: siinafe, ikuonekabe pa galasi, koma siikumvera. Liwuli aliyense amalidziwa, kuyambira wogulitsa mumsika wa ku Old Town mpaka mkulu wa ku Capital Hill.

Motero mavuto anayi aja angatchulidwe chonchi: pulogalamu ikuchedwa, pulogalamu yakakamira, pulogalamu yadzitseka yokha, kompyuta yafa.

5. Aneni ofotokoza chochita

Chisokonezo choopsa kwambiri chili pa mawu a malangizo. "Tsekani", "zimitsani" ndi "thimitsani" akugwiritsidwa ntchito ngati ndi amodzi, pamene akuimira njira zosiyana zimene zimayenera kutsatana monga makwerero.

Khwerero loyamba ndi kudikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pulogalamu imene ikungochedwa imatha kuyambanso kuyankha yokha, ndipo wodikira sataya kanthu.

Lachiwiri ndi kutseka. Munthu akadina chizindikiro cha X pa ngodya, kapena mabatani a Alt ndi F4, amakhala akupempha pulogalamu kuti imalize. Ngati ingathe kumva, imafunsa kaye ngati zolembedwa zisungidwe. Kutseka ndi pempho.

Lachitatu ndi chimene Chingerezi chimachitcha "End task" pa Windows, "Force Quit" pa makompyuta a Apple ndi "Force stop" pa mafoni a Android. Pa Windows, mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc akadinidwa pamodzi amatsegula Task Manager, m'mene muli mndandanda wa mapulogalamu onse amene akuyenda, ndipo munthu amasankha yokakamirayo n'kuichotsa. Pa Apple mabatani ake ndi Option, Command ndi Esc. Apa pulogalamu siipemphedwa. Imachotsedwa, ndipo zimene sizinasungidwe m'menemo zikhoza kutayika, koma mapulogalamu ena onse amapulumuka. Amisiri ena amati "kuipha", motsata lamulo la makompyuta a Unix ndi Linux lotchedwa "kill". Liwuli n'loopseza mopanda chifukwa, pakuti pulogalamuyo imatseguka bwinobwino ikaitanidwanso. Kumasulira kuti "kumaliza ntchito" n'kolakwika koposa, chifukwa m'Chichewa womaliza ntchito ndi amene waifikitsa pamapeto, pamene apa ntchito ikudulidwa pakati.

Mawu oyenera ndi akuti "kutseka mokakamiza". Ubwino wake uli m'malamulo a chiyankhulo. Monga kulira kumabala kuliza, kubwera kubala kubweza, ndi kukwera kubala kukweza, momwemonso kukakamira ndi kukakamiza n'zochokera pa muzu umodzi. Vuto ndi mankhwala ake zikumveka ngati pachibale: pulogalamu ikakakamira, itsekedwe mokakamiza. Chingerezi chilibe ubale wotere pakati pa "freeze" ndi "End task". Apa Chichewa chikuphunzitsa bwino kuposa chiyankhulo chimene chikumasuliridwa.

Lachinayi ndi kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta yonse kudzera m'njira yake yokhazikika, imene imapatsa mapulogalamu ena mpata wosunga zawo. Lachisanu, lomwe ndi lotsiriza, ndi kudula moto: kukanikiza batani la moto kwa masekondi angapo kapena kuzula chingwe. Njirayi ingawononge fayilo imene inali kulembedwa pa nthawiyo, ngakhale ya pa falashi. Siyenera kutchedwa "kuzimitsa" chabe, pakuti liwulo limabisa kuopsa kwake.

Pali chenjezo lina pa mabatani otchuka a Ctrl, Alt ndi Delete. Amene anawakonza ndi David Bradley wa kampani ya IBM, pa kompyuta imene inatuluka mu 1981, ndipo pa nthawiyo ntchito yawo inali kuyambitsanso makina onse popanda kufunsa. Pa Windows 95 anayamba kuonetsa bokosi lotsekera mapulogalamu, ndipo masiku ano amaonetsa tsamba limene munthu angasankhepo Task Manager. Wolemba malangizo m'Chichewa asawatche "mabatani ozimitsira", popeza ntchito yawo inasintha.

6. Kalembedwe

Pa dzina lenileni la chinthuchi pakuoneka kalembedwe kosiyanasiyana: pulogalamu, pologalamu, purogiramu. Chizolowezi cha kalembedwe ka Chichewa n'chakuti lembo la r limatsatira i kapena e, ndipo l amalembedwa pena paliponse. Choncho "pulogalamu" ndi "kufiriza" n'zolondola, pamene "purogiramu" ikuphwanya lamulo pa phatikizo lachiwiri. Amene akufuna kulemba "kuhang'a" asaiwale kachizindikiro ka pamwamba, chifukwa ng' wa mu ng'ombe ndi wosiyana ndi ng wa mu ngozi. "Kustaka" kulembedwe "kusitaka", pakuti s ndi t sagundana popanda lembo la liwu pakati.

Pomasulira "Not Responding" kulembedwe "siikuyankha" ndi ma i awiri. Woyamba ndi wa mawu okana, wachiwiri ndi mgwirizanitsi woimira pulogalamu. "Sikuyankha" angawerengedwe ngati "si kuyankha", monga m'chiganizo chakuti kukhala chete si kuyankha. Mayina olembedwa pa mabatani ndi pa galasi, monga Ctrl, Esc ndi Task Manager, asiyidwe monga alili, chifukwa wowerenga ayenera kupeza ndi maso ake chimene malangizo akutchula. Kulemba "kontolo" pamene pa batani palembedwa Ctrl n'kumusokeretsa.

7. Mawu otsiriza

Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Linathetsedwa mu 1995, chaka chimene Windows 95 inatuluka, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba mu 1996, chaka chimene Task Manager inayamba kupezeka pa Windows NT 4.0. Mawu a pakompyuta anafika m'nyengo ya kusinthaku, ndipo ambiri anakulira m'kamwa mwa amisiri ndi alembi. Zambiri zimene iwo anapanga n'zabwino: kudina, kusunga ndi kutsegula ndi mawu amene akhazikika popanda wowalamula.

Chotsala n'kusankha pakati pa mawu amene alipo kale ndi kupatsa lililonse ntchito yake. Aphunzitsi a makompyuta, omasulira malangizo ndi aulutsi a pa wailesi akulimbikitsidwa kutchula mwininkhani nthawi zonse, kusiyanitsa kuchedwa, kukakamira, kudzitseka ndi kufa, ndiponso kusiyanitsa kutseka, kutseka mokakamiza, kuzimitsa ndi kudula moto. Mlembi uja akanati, "Achimwene, pulogalamu yolembera yakakamira," yankho likanakhala lakuti, "Dikirani pang'ono, Mayi, ikapanda kuyankha muitseke mokakamiza, koma kompyuta musaizimitse." Mwina akanataya ndime zotsiriza za kalata yake, koma zina zonse zikanapulumuka.