Mdani Wopanda Maliro

Kuyambira m'tinyumba ta vidiyo ku Old Town mpaka pa wailesi zakanema za ku Area 10, ana athu amaombera m'manja Rambo akamatchetcha adani ngati udzu. Koma tapenyani filimu yake ya 1985 ija. Bwenzi lake Co atafa, Rambo amukumbira manda. Asilikali a ku Vietnam angogwa m'matope, wowalira palibe. Phunziro lake nlakuti mdani alibe maliro.

Ife a ku Lilongwe tidziwa zina. Mu Disembala 1993, pamene asilikali ankalanda zida Apayoniya mumzinda muno, amayi adalira mbali zonse ziwiri, m'chinenero chimodzi. Tsono makolo, filimu ikatha tiziwafunsa anawo kuti: kodi uja anagwera m'matopeyu ndi mwana wa yani?